Kamera ya Kumbuyo kwa Kakowa

Amene ali ndi tulo akagone msanga, chifukwa iyi si ija mumayankha kuti tili tonse. Otsalanu senderani kuno, wina asonkhezere chikuni icho. Nkhani ya anthu a m'madzi imafuna moto pafupi.

Ku Monkey Bay kunali boti loyera mbee lotchedwa Kakowa. Musaganize za maboti a usipa onunkha mafuta aja. Ili linali la matanga ndi injini yomwe, la zipinda zogona, bafa ndi khitchini, mtundu uja achuma amautcha yoti. Mwini wake anali bwana wina wa ku Lilongwe amene ankabwera mwa apo ndi apo ndi anzake, kudzadya chambo ndi kudzijambulitsa atavala magalasi akuda. Masiku ena onse botilo linkangoyandama pa nangula pakati pa doko, ndipo wofuna kukwera ankachita kupalasa kabwato kakang'ono kuchokera kumtunda.

Olisamala anali awiri. Panali a Jafali woyendetsa, mkulu wa imvi amene mawu ankawaumira ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi, ndiye panali Neliya, wophika ndi kukonza m'zipinda. Kale anali atatu. Wachitatuyo anali Yotamu, mwamuna wa Neliya, amene ankagwira zingwe ndi matanga.

Yotamu anali mwana wa kumapiri, kumtunda kwa Golomoti, kumene madzi amawadziwira m'ndowa. Anabwera kunyanja kudzafuna ganyu, n'kukhazikika. Tsiku lina m'nyengo ya mwera, akubwerera kuchokera ku zilumba ndi alendo a bwana, chingwe chokokera kabwato chinakola kumbuyo. Yotamu anatsikira pa thabwa la kumbuyo, lija amapondapo alendo akamatsika kukasambira, kuti akachimasule. Funde linabwera limodzi lokha. Neliya anali m'khitchini akugwirira mapoto kuti asagwe, ndipo sanamve ngakhale kukuwa.

Anafunafuna, asodzi ndi apolisi omwe, koma nyanja inakana kubweza. Foni yake inapita naye m'thumba, ndipo zithunzi zawo zonse zinali mmenemo. Ukwati wawo unali wongolowana, wopanda wojambula. Mwana analibe, woti n'kumaonerapo mphuno ya bambo ake.

Kwawo kwa Yotamu munthu akafera kutali samusiya komweko. Ngakhale thupi palibe, amapita kukamutenga. Choncho mayi ake, a Nagama, anabwera ndi akuluakulu, anaima pa mchenga, anamuitana dzina katatu ndi kumuuza kuti tiyeni kumudzi. Anatapa mchenga wa pamenepo m'kansalu, ndipo kumudzi anauika m'manda pamodzi ndi thunthu la nthochi. Neliya anapita nawo, analira, anameta. Tsitsi litayamba kumera anabwerera pa Kakowa, poti ntchito ina analibe, komanso mtima wake unali usanachokepo.

Tsono pa botilo panali makamera akale, oikidwa nthawi ya mwini wake woyamba. Sikirini yake inali m'kachipinda koyandikana ndi khitchini. Onse anali otopa, koma ya kumbuyo ndiyo inali nkhalamba yeniyeni. Chinyezi chinailowa m'galasi, moti zonse zinkaoneka ngati ukuyang'anira mu utsi wa nkhuni zaziwisi. Mawu sinkagwira.

A Jafali ankagona kumtunda kwa akazi awo, ndipo Neliya ndiye ankagona pa boti. Usiku wina, akudutsa ndi ndowa pa khomo la kachipindako, diso linangogwera pa sikirini. Pa thabwa la kumbuyo panali chinthu chakuda, chokhala chowerama, ngati munthu wopinda mawondo. Neliya anaika ndowa pansi, anatenga tochi n'kuthamangira kumbuyo. Panalibe munthu. Thabwa lokha ndilo linali lonyowa pakati, pamene nyanja inali bata ngati madzi a m'beseni.

Atabwerera pa sikirini anapeza chinthu chija chilipo. Mapewa aja anawadziwa. Mkazi amene wachapa malaya a munthu zaka zambiri sasokoneza mapewa ake ndi a wina.

Kuyambira pamenepo anaphunzira kusatuluka. Akamaliza ntchito ankafulula tiyi, n'kukhala pa mpando kutsogolo kwa sikirini. Nkhope sinkaoneka, koma mutu unkagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo Neliya ankamwetulira, chifukwa Yotamu akamakulunga zingwe ankakonda kung'ung'udza nyimbo za kwaya uku akugwedeza mutu. Ndiye kuti akuimba, ankatero mumtima, wakhala pamalo pake, akundilondera. Ankamuuza zonse: kuti tomato wakwera, kuti mlendo wina wasanzira pa bedi, kuti bondo lamuyamba. Sanauze munthu aliyense. Mwera unadutsa kawiri ali m'banja lake la pa sikirini, ndipo musamuseke, inu amene anu mumagona nawo mphasa imodzi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya ngati nankafumbwe. Nkhope ya Yotamu inayamba kumuthawa. Akatseka maso ankapeza mawu ake, kayendedwe kake, fungo la malaya ake, koma pamalo pa nkhope pankangobwera utsi womwe uja wa pa sikirini. Ankadzuka pakati pa tulo n'kumalimbana nayo kuti ibwere, osabwera. Chimene ankapempha Mulungu sichinali chambiri ayi. Ankangofuna kuiona kamodzi kokha, bwinobwino, kuti aisunge.

Kenaka akuba anamasula injini ya boti lina loyandikana nalo, ndipo bwana wa ku Lilongwe anaimba foni kuti makamera onse achotsedwe, aikidwe atsopano. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyo anali Wedisoni wa ku Blantyre, mwamuna wa kamimba ndi kapusi yofiira, amene anakwera boti ndi makatoni ake akulongolola, pakamwa pali pululu.

"Mayi, izi munali nazo apa si makamera, ndi zidole," anatero akugogoda sikirini yakale ndi chala. "Anga awa amaona ndi udzudzu womwe, mdima uli bii. Ndiye amamvanso. Munthu akanong'ona kumbuyo uko, inu mumve muli muno."

Neliya anapukuta manja pa chitenje, ngakhale anali ouma kale. "Nanga nkhope ya munthu, achimwene, usiku imaoneka?"

"Ndi ziphuphu zomwe, mayi. Wakuba mudzamudziwa mpaka kwa amalume ake."

Tsiku limenelo ndiwo zinapserera, chinthu chimene Neliya anali asanachitepo. Mtima unkagunda mbali ziwiri. Ankaopa kuti akachotsa kamera yakale Yotamu apita nayo, koma ankaganizanso kuti mwina Mulungu wamva.

Wedisoni anayambira kutsogolo kwa boti. Anali munthu wogwira ntchito mwachisawawa, mawaya ali mbwee paliponse, ndipo poweruka anangowasiya momwemo n'kukagona ku resitihausi kumtunda. M'mawa anawapeza atakulungidwa bwino, mkombero uliwonse wofanana ndi unzake, atamangidwa mfundo pakati n'kupachikidwa pa chitsulo. Anali onyowa.

"Mayi, mwandithandiza, koma mawaya sachapa," anatero akuseka.

"Sindinawakhudze ine," anayankha Neliya.

A Jafali anayang'ana mfundo ija nthawi yaitali. Kenaka anaimasula okha, n'kupereka mawaya kwa mwini wake.

Masana sipanala ya Wedisoni inasowa. Anaifuna m'makatoni, m'matumba, mpaka m'khitchini, akung'ung'udza kuti anthu a kunyanja manja awo ndi aatali. Inapezeka pa thabwa la kumbuyo, itagonekedwa mowongoka, chogwirira chitaloza kwa iye ngati wina akumupatsira. Wedisoni anati mwina anaiiwala yekha, ngakhale kumbuyoko anali asanapondeko.

Tsiku lotsatira ndilo anafika kumbuyo. Anaimika makwerero, n'kukwera kukamasula kamera yakale ija. Kamphepo kanali katayamba, boti likuvina pang'ono, ndipo Neliya ali m'khitchini anamumva akucheza: "Gwirani chomwecho, mdala. Eya, mwatha ntchito inu. Musasiye." Atatsika analowa m'khitchini ndi kamera yakale m'manja n'kufunsa kumene apita a Jafali kuti awathokoze.

"A Jafali anapita kumtunda kukagula dizilo m'mawa muja," anatero Neliya. "Sanabwere."

Wedisoni anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anabwerera kukayang'ana makwerero. M'munsi mwake, mbali zonse ziwiri, munali monyowa, ndipo madzi anali akutsetserekabe. Kuchokera pamenepo mwamuna uja wa pakamwa pululu anayamba kuyankha ndi mutu.

Atatsegula katoni ya kamera yatsopano ya kumbuyo anapeza galasi lake litasweka panjira. Anaimba foni ku Blantyre, ndipo anamuuza kuti ina ifika m'mawa mwake pa basi. Choncho analumikiza kachipangizo komvera mawu kokha, kamene kanali kapadera, n'kusiya malo a kamera ali pululu. Pa sikirini yatsopano zithunzi zonse zinali kuwala ngati kanema, mpaka misomali ya pa matabwa inkawerengeka. Kagawo ka kumbuyo kokha ndiko kanali kakuda.

A Jafali atangofika ndi dizilo, mwera unakula. Kabwato sikakanatha kubwerera kumtunda, ndiye atatu onse anagona pa boti. Kunena kuti anagona ndikunama. Wedisoni anati ayese sipika, ndipo onse anakhala m'kachipinda kaja, Neliya pa mpando wake, maso ali pa kagawo kakuda. Kanali koyamba kukhala usiku osamuona mwamuna wake, ndipo manja ankasowa powaika.

Poyamba munkamveka madzi okha, akumenya boti. Kenaka thabwa linalira, monga limachitira munthu akalikhalira. Kenaka munayamba kaphokoso kena, kakang'ono, kofulumira: ge-ge-ge-ge. Kankaleka, n'kuyambiranso.

"Ndi waya ameneyo, sanagwire bwino," anatero Wedisoni. Anagwedeza mawaya kuseri kwa sipika, anazimitsa, anayatsanso. Kaphokoso kanali pomwepo.

"Si waya," anatero a Jafali motsitsa. "Amenewo ndi mano."

Pansi pa kugunda kwa mano kuja munamveka mpweya, wokokedwa movutikira, ngati wa munthu amene wangovuulidwa. Ndiyeno mawu, ang'onoang'ono, othyokathyoka.

"Neliya... kodi mtunda uli mbali iti?"

Neliya anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawuwo anali ake, ake enieni, osasintha ngakhale pang'ono.

"Ndazizidwa, Neliya. Amayi anandiitana, ndinamva... koma njira sindikuiona. Ndazizidwa."

Mano anayambiranso. Patapita kanthawi mawu aja anabwereza zomwezo, mofanana, mosakwiya, ngati munthu amene wafunsa funsolo kambirimbiri ndipo sayembekezeranso yankho.

Apa ndi pamene Neliya anamvetsa, ndipo kumvetsako kunamupyoza ngati singano. Mutu uja sunkagwedezeka ndi nyimbo. Usiku uliwonse umene iye ankamwa tiyi wotentha n'kumamwetulira, akumuuza za mtengo wa tomato, mwamuna wake anali akunjenjemera panja, akumufunsa njira. Anangotsetsereka pa mpando n'kukhala pansi.

Wedisoni anali atavula kapusi, akuipinda m'manja. "Mdala, kodi ameneyu ndani?"

"Mwamuna wawo," anatero a Jafali. "Anagwera pamenepo." Kenaka anatembenukira kwa Neliya. "Mlamu, abale ake aja anachita zonse monga mwa kwawo, koma ndi anthu a kumapiri. Kwawo malo amene munthu wafera sayenda. Anakaitanira pa mchenga, pamene iye pa mchenga sanafikepo. Wa m'madzi amagwira chimene anachiponda komaliza. Iye anagwira thabwa, ndipo thabwalo likuyendayenda ndi boti."

"Ndiye nditani, a Jafali?"

"Thabwa limasulidwe. Mulinyamule inuyo, poti dzina limene akutchula ndi lanu. Muzimuuza njira yonse, mtsinje uliwonse muziutchula, kuti asatsalire pa madzi ena. Koma wotsogolera satembenuka. Mukacheuka, abwerera kumene wachokera."

Wedisoni anali munthu wa chifundo, kungoti chifundo china chimabaya. Anali atakumbukira funso lija la tsiku loyamba. Anagwada pafupi ndi Neliya n'kunena monong'ona: "Mayi, kamera ija ikufika m'mawa. Pofika masana ndikhala nditaiika. Mawa usiku mudzamuona bwinobwino, ndipo chithunzicho ndidzakutsukirani, muzikhala nacho. Mukanyamuke mkuja. Ndi usiku umodzi wokha."

A Jafali sanatsutse. Anangoyang'ana pansi, chifukwa nawonso ankadziwa chimene chinkamuvuta mlamu wawo.

Usiku umodzi wokha. Neliya anautembenuza mumtima mbali zonse. Munthu amene wapirira mwera kawiri angalephere usiku umodzi? Yotamu mwiniwake akanafunsidwa akanavomera, poti sanamukanizepo kanthu. Ndipo iye Neliya akanakhala ndi nkhope, yoika m'chikwama, yoyang'ana akadzakalamba. Anatsala pang'ono kuvomera.

"Ndazizidwa, Neliya," inatero sipika.

Wedisoni anatambasula dzanja kuti atsitse mawu.

"Asiyeni," anatero Neliya. "Ndakhala osawamva nthawi yaitali."

Anakhala pansi pomwepo mpaka mbandakucha, akumvetsera. Amuna awiri aja anawodzera atatsamira khoma, n'kumadzidzimuka mano aja akayambiranso. Iye sanaphethire. Kunja kutayamba kuyera, mphepo itagwa, sipika itatsala ndi madzi okha, anadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Achimwene, ndibwerekeni sipanala yanu ija."

"Mayi, basi ikufika posachedwapa..."

"Ndamva. Ndibwerekeni."

Mabawuti anali adzimbiri, ndipo anamasula a Jafali. Thabwalo silinali lalikulu, koma linkalemera kuposa msinkhu wake. Neliya analikulunga m'chitenje chatsopano, anaimbira foni a Nagama n'kuwauza mwachidule, ndipo mayiwo sanafunse zambiri. Anangoti, "Bwera naye, mwanawe, tikudikira." Kenaka Neliya anaima kumbuyo kwa boti, msana atalozetsa ku madzi, n'kunena mokweza: "A Yotamu, ndine Neliya. Ndabwera kudzakutengani. Mtunda uli kuno kumene ndikupita. Nditsateni."

M'kabwato anakhala kutsogolo, nkhope ku mtunda, thabwa pa miyendo. Wedisoni anakhala pambali pake. A Jafali anakhala pakati ndi zopalasira, ndipo mukudziwa kuti wopalasa choncho amayang'ana kumbuyo. Atangonyamuka, kabwato kanatsika kumbuyo n'kudzutsa mphuno, ngati wakwera munthu wachinayi. Neliya anamva a Jafali akukoka mpweya.

"A Jafali," anatero osatembenuka, "mukumuona?"

Zopalasira zinalowa m'madzi, zinatuluka, zinalowanso.

"Yang'anani kutsogolo, mlamu."

Pa siteji anapeza basi ya ku Blantyre itangofika, kondakitala akukuwa dzina la Wedisoni, katoni ili m'manja. Wedisoni anailandira n'kuima nayo ngati yotentha. Neliya anaiona katoniyo, anaona ndi chithunzi cha kamera chojambulidwa pamwamba pake. Anadutsa pafupi nayo n'kukwera minibasi ya ku Golomoti.

Mpando wa kumbuyo kwake unakhala wopanda munthu ulendo wonse. Kondakitala anayesa kukhazikapo mayi wina wa dengu la nsomba, koma mayiyo anadzuka msanga akudandaula kuti mpando ndi wonyowa. Anayesa mwamuna wina wa jekete, amene anakhalapo pang'ono n'kupempha kuti atseke mawindo, pamene ena onse thukuta lili kamukamu. Pomaliza kondakitala anayang'ana thabwa lodontha lija, anayang'ana Neliya amene ankayankhula yekha, n'kuusiya mpandowo.

"A Yotamu, tatuluka m'tauni. Nyanja taisiya."

"A Yotamu, uwu ndi Bwanje. Tikuwoloka. Si kwanu kuno, musatsike."

"A Yotamu, uwu ndi Livulezi. Gwirani mpando. Tatsala pang'ono."

Dalaivala anazimitsa wailesi yekha, ndipo mayi wa nsomba uja ankapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Kuchokera pa Golomoti njira ya kumudzi ndi yokwera, ya miyala, ndipo Neliya anaiyenda wapansi, thabwa pamutu, madzi akutsikira m'khosi. Kumbuyo kwake kunkamveka mapazi onyowa, tyapu, tyapu. Akaima, nawo ankaima. Khosi linkamuyabwa kufuna kutembenuka, moti anachita kugwira chibwano ndi dzanja. Ankadziwa kuti nkhope imene wakhala akuifunafuna ili pomwepo, dzuwa likuiwala, pamtunda woti akanatha kuigwira. Ankangotchula zimene akuona kutsogolo: mtengo wa mbawa, chigayo, mjigo, tchalitchi cha njerwa. Dzuwa litafika paliwombo anazindikira kuti mano aja ayamba kugunda motalikirana.

A Nagama anali akudikira m'mphepete mwa manda ndi akuluakulu awiri, atavala chitenje chakuda cha pamaliro paja. Neliya anatula thabwa pamapazi pawo, n'kugwada. Mayiwo sanayang'ane kumbuyo kwa mpongozi wawo. Anayang'ana pansi n'kuitana ndi mawu amene mayi amaitanira mwana kuti adzadye.

"Yotamu. Yotamu, mwanawe. Wafika kwanu. Lowa."

Mapazi aja anasendera mpaka anaima kumbuyo kwenikweni kwa Neliya. Anamva kuzizira pa msana, ngati wina watsegula chitseko m'mwezi wa Juni. Dontho limodzi linagwera pa phewa lake. Mano anali atasiyiratu.

"Kuno kukufunda," anatero mawu aja, chapafupi ndi khutu.

Neliya anafinya maso mwamphamvu mpaka anaona nyenyezi. Anamva udzu ukuphwanyika pambali pake, kenaka kutsogolo, kenaka patali pakati pa mitengo. Atatsegula maso, akuluakulu anali atanyamula thabwa kulowa nalo m'manda, ndipo ponseponse panali dzuwa lokhalokha.

Madzulo ake akazi awiriwo anakhala pa khonde, akusenda nandolo amene palibe ankafuna kudya. Neliya ankaba maso n'kumayang'ana nkhope ya apongozi ake, kufunafuna pa chipumi, pa milomo, mwina n'kupezapo kena kake. Panali makwinya okha.

"Amayi," anatero potsiriza, "a Yotamu anali ndi kachipsera pa chikope. Kodi kanali diso liti?"

"Kachipsera ka ndowa kaja? Ndinamupaka mankhwala ndekha ali mwana. Kanali apa."

A Nagama anakweza dzanja kuloza diso lawo lamanja. Asanaligwire anaima, n'kulisunthira kumanzere. Anabwereranso kumanja. Dzanja linatsala m'malere, ndipo Neliya analigwira ndi manja ake awiri n'kulitsitsa pa miyendo pake.